Antchito Muli Nawo Angati?

Mvula yamawawa ya ku Mzuzu sidziwa kupepesa.
Yandinyowetsera fomu m'thumba la jekete
ndili pa kabaza kuchokera ku Luwinga,
ndipo dzina langa, Walusako Nyakondowe,
lafika ku ofesi litasungunuka ngati mchere.

Bambo Chiumia andipatsa ina osadandaula.
Ali ndi chimfine, tiyi wawo wazizira,
pakhoma pali mapu a dziko lonse
pomwe Malawi wabisika kunsi kwa msomali.
"Lembaninso, mayi. Boma lilipo kuti likuthandizeni,
koma boma limamva zolembedwa."

Funso lachinayi: katundu wanu akuchokera kuti?
Ndinene kuti ku Chikangawa,
kapena m'maluwa a misuku imene sindinabzale?
Funso lachisanu ndi chiwiri: antchito muli nawo angati?
Cholembera chaima.
Pali ine, pali mlamu wanga Suzgika wosefa,
pali mnyamata womata mapepala pamabotolo.
Nanga aja zikwizikwi
odzuka dzuwa lisanaboole nkhungu,
osafunsa tsiku la malipiro,
oluma bwana wawo akabwera wopanda utsi?
Ndalemba atatu. Ndachita manyazi.

Chaka chatha anatiitanira ku hotela
a bungwe lakunja, a magalimoto oyera aja.
Masiku anayi a samusa ndi madzi a m'botolo,
mawu okhotakhota ngati msewu wa pa Chiweta.
Ambiri ndinawasiya pampando pomwepo.
Koma mtsikana wina wa ku Kenya, wa mpata m'mano,
anadontheza uchi wanga pa kagalasi
nasuzumira ngati woyang'ana m'chitsime:
"Madzi achuluka. Mumafula msanga.
Dikirani njuchi zimate zisa."
Kachipangizoko anandisiyira.
Mwa zonse zimene zinabwera pa ndege
ndi kokhako kamene kamagona m'nyumba mwanga.

Ngongole ndiye nkhani ina.
Thumba lothandiza ogulitsa kunja lilipo, akutero,
koma pakhomo pake pakhala mlonda dzina lake Chikole.
Ndinati ndili ndi ming'oma makumi asanu ndi limodzi.
Anati chikole chisakhale ndi mapiko.
Ndinapereka pepala la puloti ya ku Mchengautuwa
imene malemu bambo a kunyumba anagula ndi penshoni.
Usiku umenewo ndinawerenga malata a denga
mpaka tambala woyamba.

Kabotolo kamodzi kanapita ku Blantyre kokayezedwa,
kanagonako masabata asanu ngati wodikira dokotala,
nkhani yake inabwera ndi chidindo.
Wogula ali kutsidya kwa nyanja zamchere.
Sanandionepo, sindinamuonepo,
chidindocho ndiye nkhoswe yathu.
Amalemba kuti kwawo kukuzizira koopsa.
Ndimaseka: abwere kuno mu Juni adzaone.

Bambo Chiumia auzira mpweya pa chidindo, adinda,
ayetsemula, adindanso.
"Migolo khumi ndi iwiri, kudzera pa Songwe, Lachinayi.
Dalaivala akafika pachipata
pepala ili likhale pamwamba pa anzake."
Ndawatulutsira kabotolo, ka chimfine chawocho.
Akweza manja onse awiri:
"Ayi, mayi, muno ayi.
Ndikagula ndekha kumsika, pamtengo wake."

Panja mvula yakata.
M'mphepete mwa ngalande ya pa Katoto
njuchi imodzi yazika mutu m'duwa la chisoso,
miyendo ili mbuu ndi mungu.
Kaya ndi yanga, kaya ndi ya wina.
Ilibe pasipoti,
sidziwa kuti dola lero yadzuka pa zingati,
sidziwa kuti thukuta lake likakwera sitima
kukatsekemera pa buledi wa mwana
amene sangathe kutchula Lunyangwa.

Ndaima mpaka wakabaza waliza belu kachiwiri.
Mapepala ndawalowetsa m'bulauzi, pouma,
pafupi ndi pamene mantha amakhala.
"Tiyeni ku Luwinga, achimwene,
koma pachitunda paja nditsika, ndiyenda.
Migolo itatu sinatsukidwe,
ndipo Suzgika akakhala yekha amayamba nyimbo."