Makatoni a M'chipinda Chapansi

Mayi Szymanski, amene amandiwerengera ndalama,
anayankha maso ali pa kompyuta:
"Zaka zitatu, a Halvorsen.
Kuchokera tsiku lomwe mwapereka fomu ya msonkho
boma lili ndi zaka zitatu zoti libwere kudzafufuza.
Zimafika zisanu ndi chimodzi ngati munabisa gawo lalikulu la zomwe munapeza.
Koma wonama dala alibe tsiku lopuma."
Atatero anandikankhira mbale ya maswiti.

Ine sindinabise kanthu.
Ndimakhoma madenga kuno ku Duluth,
miyezi isanu ndi iwiri pamwamba pa nyumba za anthu,
yotsalayo ndikukolopa chipale chofewa pamakomo awo.
Manambala sanali anga.
Anali a Loretta.

Lisiti lililonse ankaliwongola ndi chikhatho,
kumbuyo kwake n'kulemba ndi pensulo:
misomali, nyumba ya a Kowalczyk;
petulo, tsiku lija galimoto inatitimira;
magolovesi, wataya ena kachitatu;
khofi makapu awiri, izi si zantchito, usaziwerengere.
Chaka chilichonse katoni yake,
katoni iliyonse chingwe chake.

Fomu yomaliza anasaina mu Epulo,
dzanja likunjenjemera,
L wake atapendekeka ngati makwerero oimika pamatope.
Mu Juni tinamuika m'manda.

Chaka choyamba ndinkaopa bokosi la makalata.
Envelopu iliyonse ya kawindo, mtima phwii.
Akandifunsa ndidzati chiyani,
ine wosadziwa ngakhale komwe kumakhala mapepala a inshuwalansi?
Chaka chachiwiri mantha anazilala,
ndinkangotola makalata pamodzi ndi nyuzipepala.
Chachitatu, ndinene zoona,
ndinadzipeza ndili pakhonde nthawi ya wapositi,
jekete nditavala kale,
ngati munthu wodikira mlendo wochokera kutali.

Ndinkafuna abwere.
Abwere ndi tayi yake ndi chikwama chake,
akhale pa tebulo la kukhitchini, mpando wa pawindo,
amasule chingwe,
awerenge mzere ndi mzere osadumpha,
akweze mutu, afunse kuti: analemba apa ndani?
Pajatu anansi anasiya kutchula dzina lake,
amaopa kundipweteka.
Ana akaimba foni amafunsa za bondo langa.
Munthu mmodzi yekha padziko lino
amene akanakakamizidwa ndi ntchito
kukhala nane masiku awiri tikukamba za Loretta
ndi wa msonkho.

Sanabwere.
Epulo wachitatu wadutsa,
madzi oundana asweka padoko,
sitima yoyamba ya miyala ya chitsulo yalira pansi pa mlatho.
Mayi Szymanski anaimba okha:
"Mwamasuka tsopano. Zambiri mwa izo mukhoza kung'amba."
Ndinathokoza, poti munthu amathokoza.
Boma lamukhulupirira mkazi wanga
osamuwerenga n'komwe.

Usiku womwewo ganizo linandifikira, loipa ndithu:
ndiwaimbire, ndiwanamize kuti tinanama,
kuti nkhani yathu ikhale m'gulu lija losatha ntchito,
lotseguka mpaka kalekale.
Ndinaseka ndekha mumdima.
Loretta, yemwe anayenda ulendo wobwerera kusitolo mvula ikugwa
kukabweza masenti khumi ndi limodzi,
akanandigenda ndi pensulo.

M'mawa ndinatsika masitepe, bondo likudandaula,
ndi thumba lakuda la zinyalala m'manja.
Ndinamasula katoni imodzi.
Pamwamba penipeni panali lisiti la utoto,
kumbuyo kwake: wobiriwira, akuti saukonda, adzazolowera.

Ndinazolowera.
Khitchini ikadali yobiriwira.

Thumba lija ndaikamo masamba a m'ngalande za denga.
Makatoni ndawakweza shelefu imodzi m'mwamba,
poti chipale chikasungunuka
madzi amalowa pansi pa khoma la kumpoto,
ndipo pensulo sichedwa kufufutika.