Yatengera Mwini Wake

Pikapu ya Bambo Raine ndi yaikulu kwa ine.
Inagulidwa mayi anga akadali pasukulu,
yobiriwira ngati ndere,
kumbuyo kwake kukununkha ubweya wonyowa.
Kutsogolo ili ndi ekiselo imodzi, mtanda wachitsulo
womanga matayala awiri ngati ng'ombe pagoli:
lamanzere likapunthwa, lamanja limamva.

Ntchito yanga kuno ku Hawes si ya sipanala.
Ndimafika seveni koloko, yunifolomu yabuluu,
kudzawamanga mabatani a malaya,
kuwerenga mapilitsi,
kugwirizira kapu kuti tiyi asathere pachifuwa.

Lachiwiri lija, tikuchokera kumsika wa nkhosa,
ine ndikuyendetsa, poti iwo adokotala anawaletsa,
tinaponda zitsulo zija amayala pamsewu
kuti ziweto zisawoloke.
Chiwongolero chinaphupha m'manja mwanga
ngati nkhuku yodulidwa khosi.
Mano gwegwegwe. Mpanda wamiyala ukubwera.
Ndinaponda buleki, mtima uli m'kamwa.
Mkuluyo anangoseka,
nakweza dzanja lawo losakhazikika lija:
"Yatengera mwini wake."

Moira anaimba kuchokera ku Leeds.
Igulitseni, adadi, isanaphe munthu.
Iwo anati eya, eya, ndamva,
kenako anaitanitsa katoni.

Loweruka, tsiku langa lopuma,
mvula ikuwaza ngati yosafuna,
tinaitsegula m'shedi.
Dampa. Kuoneka kwake mpope wa njinga wonenepa,
m'mimba mwake muli oyilo wouma mtima:
ukaukoka umakana, ukaukankha umakananso,
koma ukapita nawo mofatsa umalola.

Ndinagona chagada pachiguduli,
simenti ikundiluma msana.
Malume anga a ku Ndirande akanandiona
akanati tsopano sukulu yonse ija yathera pansi pa galimoto?
Bawuti yadzimbiri inakana kutembenuka.
"Ithire mafuta," anatero, "uisiye iganize."
Inaganiza mpaka tiyi anazizira.

Tochi anagwira ndi iwo.
Kuwala kunkavina,
pa nati, padenga, m'diso mwanga, pa nati,
ndipo ndinaphunzira kudikira kuti kubwerere
m'malo monena kuti bweretsani ndigwire ndekha.
Bulaketi ina pa chasisi,
ina pa ndodo yokoka matayala.
Khungu la chala changa linatsala pamenepo.
"Mangitsa, koma usaphe labala.
Tsopano pinda chiwongolero mpaka kumapeto, uku ndi uku,
timve ngati chikukhula penapake."
Sichinakhule.

Ndikupukuta manja anati,
"Usanamizidwe, mwanawe, ichi sichichiza.
Mabushi anatha, mfundo zonse zili khwekhwe,
nthenda ikadali pansipo.
Chimangomeza kunjenjemerako
kusanafike m'manja,
ngati timapilitsi tako tachikasu tija."
Ndinasowa choyankha.
Ndinatola masipanala, kuwaika mwa msinkhu wawo.

Tinabwerera pa zitsulo zomwe zija.
Grrrr.
Chiwongolero chinatekeseka kamodzi,
ngati munthu wodzidzimuka kutulo,
n'kugonanso.

Pa geti la munda wawo anati ima.
Muno mulibe wapolisi, mulibe dokotala,
muli nkhosa zokha, ndipo sizinena.
Tinasinthana mipando, zinatenga nthawi.
Manja aja amene amataya supu,
amene batani limawathawa,
anagwira chiwongolero, n'kukhala duu.
Giya wani. Kuzungulira munda kawiri,
matope akuuluka, galu akuthamangira pambuyo,
iwo akuimba kanyimbo kopanda mawu.

Lolemba ndinalemba m'buku la ntchito:
adya bwino, amwa mankhwala, agona msanga.
Za girizi wotsalira m'zikhadabo zanga
panalibe mzere wake.