Atatu Ali Kuti?

Andituma kudzawerenga, osati kudzachiza.
Ndafika ku Mchinji ndi pensulo, rula
ndi fomu ya masamba asanu ndi limodzi.
Andipatsa kachipinda kuseri kwa labotale
komwe fani inafa kalekale
ndipo makatoni a timabotolo ta makhololo afika kudenga.

Mabuku ali patebulo.
La ku labotale likuti: miyezi itatu yapitayi
chifuwa chachikulu tachipeza mwa anthu
makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
La mankhwala likuti makumi anayi ndi anayi.
Lipoti lomwe linapita ku Lilongwe,
losamba, lopesa, lodinda chidindo,
lagwirizana ndi la mankhwala ngati apongozi pamaliro.

Atatu ali kuti?

Woyamba si munthu, ndi chithunzithunzi.
Zeliya Mbewe wa ku Tembwe analavula Lolemba.
Patapita masabata atatu, Zeliya Sakala wa ku Tembwe analavulanso.
Dzina la bambo ake, dzina la mwamuna wake,
chifuwa chimodzi.
Ndamudula ndi rula, mwaulemu.

Wachiwiri amukumbukira Mayi Nasimango.
"Fanuweli? Wamtali, wosoka nsapato?
Anaoloka pa Mwami, akumwera ku Chipata kwa mlongo wake."
Atsegula dirowa. Kalata yomusamutsa ili pansi pa paketi ya shuga.
"Ndinkati ndilemba mawa.
Tsiku limenelo ndinali ndekha,
mzere unafika pamtengo wa mango,
bolopeni n'kuuma."
Sakupepesa. Akungondiyang'ana ndi maso ofiira a ntchito ya usiku.
Fomu ikufuna ndichonge pa "cholakwa cha wolemba".
Ndachonga.
Dzanja lachita manyazi.

Wachitatu.
Lomosi Kadammanja, zaka makumi atatu ndi zinayi, tenanti.
Kokhala: "ku esiteti, kupitirira Kapiri, mufunse pachigayo."
Nambala ya foni yaperewera chala chimodzi.
Ndayesa kuyambira ziro mpaka naini.
Wayankha mayi wogulitsa usipa ku Salima,
wayankha mwana, kuseka n'kudula,
wina wanditukwana, akuti ndine wakuba wa pafoni,
zina zonse zazimitsidwa.

Tsiku lomwe anabwera, magetsi anali atazima.
Anamuuza adikire. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka,
wakabaza anati sangayende mumdima,
anapita.
Makina anadzuka Lachitatu n'kunena zoona
kwa benchi yopanda munthu.
Kapepala kake kakadali pamsomali,
kapindika m'makona ngati tsamba la bale.

Ndikumuona m'chigafa, akusoka fodya,
akutsokomola n'kumati ndi fumbi chabe.
Ndikuona chipinda chimodzi, mphasa imodzi,
ana angati, sindikudziwa,
fomu ilibe bokosi la ana.
Ilibenso bokosi la thukuta la usiku,
kapena la lamba yemwe wabooledwa kachitatu.

Pansi pa tsamba lomaliza akufuna chiwerengero.
Ndagawa, ndachulukitsa:
96 pa 100 alionse analembedwa bwino.
Abwana adzaomba m'manja,
adzaika mtundu wobiriwira pakhoma la msonkhano,
tidzamwa fanta.
Palibe bodza m'menemo.
Koma zotsalazo zili ndi nthiti,
zili ndi dzina, zimapuma usiku pafupi ndi khanda.

Ndapita kwa a Tchale, mlangizi wa zaumoyo.
Njinga yamoto ilipo, akuti, mafuta Lachinayi.
Zigayo kupitirira Kapiri zilipo zinayi,
maesiteti sanawerengepo,
ndipo matenanti amasamuka fodya akagulitsidwa.
"Komabe tikafunsa. Wachigayo amadziwa aliyense wodya."

Ndabwerera m'kachipinda.
M'buku la mankhwala, pansi pa dzina lomaliza,
ndalemba Lomosi ndi pensulo,
mopepuka, kuti inki idzapeze malo.
Mabokosi a kutsogolo kwake ndawasiya oyera:
tsiku loyamba kumwa, kulemera kwake, mathero.

Kunja wina akutsokomola pabenchi.
Ndayika pensulo pansi,
ndatuluka kukamufunsa nambala yake,
kuti aibwereze kawiri.