Salipira pa Ngomakurira

Tinanyamuka ku Hatcliffe kusanache,
kumbuyo kwa lole ya a Mbendera yokagula tomato,
ine ndi Salipira, galu amene chibadwire
sanalipirepo ulendo ngakhale umodzi.

Okutobala sachita nthabwala.
Pofika m'tsinde mwa phiri
thanthwe linali litapsa kale ngati chiwaya,
nyenje zikulira m'mitengo ya mombo
mpaka makutu kuyabwa.

Iye patsogolo, mchira m'mwamba,
kuthamangitsa buluzi aliyense, osagwira ndi mmodzi yemwe,
kenako kubwerera kudzandiyang'ana
ngati akufunsa: zaka makumi anayi zokha,
wefuwefu wotereyu?

Madzi tinagawana.
Ine pakamwa pa botolo, iye m'chipewa changa,
khathikhathi, theka kutayikira pamwala
n'kuuma ine ndikuona.

Pamwamba, mphepo.
Harare anali uko, kakang'ono, mu utsi wotuwa,
nyumba zosanja ngati mabokosi a machesi oimika.
Ndinafunafuna denga lathu,
mzere wa zigubu pamjigo,
golosale imene ndili nayo ngongole ya shuga.
Palibe chinaoneka.
Ndinati, Salipira, taona!
Iye anali atagona pamthunzi wa mwala
akunyambita phazi lakumanzere.
Linali litang'ambika.

Choncho potsika ndinamusenza pamapewa,
thumba lolemera la ubweya ndi fungo,
mtima wake ukugunda pakhosi panga,
kumpoto mabingu akuyesa ng'oma zawo.
Dontho loyamba linamugwera pamphuno.
Anayetsemula.
Ulendo uwunso sanalipire.