Mgodi wa M'kireti

Bodi ndinaigula pa Mpondabwino
kwa mnyamata wa machaja ndi maloko.
Inali pansi pa mulu wa marimoti akufa.
Akuti, "Akulu, iyi ndi ya ku Joni, sinalaweko mvula."
Nditainunkhiza, mphemvu zokhazokha ndi utsi wa makala.
Ndinanenerera mtengo mpaka anatukwana,
kenako anandikulungira m'nyuzi.

Khadi la zithunzi, mtima wa zonsezi,
linali la mwana wa pa Chanco
amene lendi inamupana pakhosi ku Chikanda.
Analibweretsa m'sokosi,
maso ali kumbali
ngati munthu wogulitsa galu wake.

Bokosi ndinalibe.
Ndinabwereka kireti ya zakumwa kugolosale,
n'kuiboola ndi msomali wamoto,
n'kumanga zonse ndi mphira wa chubu cha njinga.
Mafani awiri: ina ya m'fotokope yakufa ya kuntchito,
ina Che Twaibu anaizula mu ampulifaya yaukwati.
Ndiwo anawotcherera mawaya, ine dzanja limanjenjemera.
Mtovu ukudontha, anafunsa,
"Nanga mgodiwo uli kuti, achimwene?"
Ndinaloza m'mwamba. Anayang'ana malata.
"Khasu lake?"
Ndinaloza khadi.
Anaseka mpaka magalasi kugwera m'kireti.

Usiku woyamba: piii, kenako zii.
Wachiwiri: kafungo ka pulasitiki wopserera.
Wachitatu ndinaona remu itakhala ndi thako limodzi
ngati mlendo pa benchi ya kuchipatala.
Ndinaikanikiza ndi chala, thi!
Mafani anadzuka,
manambala anayamba kutsika pa sikirini
mondondozana ngati linthumbu.
Ndinavina ndekha, osavala malaya, mwakachetechete
kuopa kudzutsa mwana.

Esinati sawerenga manambala angawo.
Iye amawerenga a pa mita ya magetsi,
mayunitsi akusungunuka ngati shuga mu tiyi.
Salankhula. Amangoima pamenepo ndi tochi ya foni
nthawi yokwanira kuti ndimuone.

Mwezi utatha ndinawerenga zokolola:
ziro, kadontho, maziro ena asanu,
seveni kumapeto, yekhayekha ngati dzino la khanda.
M'makwacha, ndi ya kabaza
kuchoka kuno ku Matawale kukafika kudepoti.
Kubwerera, wapansi.

Ndiye Juni anafika.
Chiperoni chinatsika m'phiri, chinameza Ku Chawe,
chinakhala pakhomo masiku asanu osatsanzika.
Yunifolomu ya Tiyanjane inakana kuuma pachingwe.
Ndikuchokera kuntchito ndinaipeza pampando
kumbuyo kwa kireti, ikupepezeka ndi mpweya wofunda,
masokosi awiri pambali pake,
mphaka wa alandilodi atadzipinda pansi.
M'mawa mwake, beseni la mtanda wa mandasi
litavundikiridwa ndi chitenje pafupi ndi khadi langa,
litafufuma mpaka kusefukira
tambala asanalire kachiwiri.
Tsiku limenelo Esinati anafika pamsewu
anzake asanayatse n'komwe mbaula.
Madzulo, akuwerenga ndalama pamphasa, osandiyang'ana:
"Usazimitse chinthu chakocho."

Ndimadziwa kuti kwina kutali
kuli nyumba zazitali ngati mashedi a fodya
zodzaza makina okhaokha, zobangula usana ndi usiku.
Ine ndine wokunkha m'munda mwawo,
wotola zogwa m'ngolo.
Komabe mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi,
ndipo dzina la kireti yanga lili pamndandanda womwewo,
pansi penipeni, koma lilipo.

Lero magetsi athima cha m'ma eyiti.
Mafani azungulira okha pang'ono, ngati sanamve uthenga,
kenako aima.
Ndayamba kumva achule a mu Likangala
amene ndinali nditawaiwala.
Dzanja langa lili pa khadi, likadali lofunda
ngati mphumi ya wodwala amene akuchira.
Tiyanjane watembenuka mumdima.
"Adadi, mgodi wafa?"

Ayi, mwanawe, gona.
Okumba akupuma.