Kabowo ka Mkuwa

Paipi ya ekizosi ndinaigula Loweruka ku Taifa,
yonyezimira ngati supuni ya alendo,
m'mimba mopanda kanthu, pakamwa pokhapokha.
Ndinkafuna ndikamatsika ku Katoto
a ku Chibavi adziwe kuti Fumbani wadzuka.

Anadziwadi.
Koma Lolemba, pa chitunda cha ku Masasa,
kumbuyo ndili ndi mayi wa dengu la tomato,
njinga inayamba kutsokomola.
Ndikakoka moto, iyo kuyamba yaganiza kaye.
Ndikasiya moto, pha! pha! pha!
agalu kubalalika,
mayi uja: "Nditsitseni achimwene, ana sindinawatsanzike."
Injini inatentha mpaka kundiwaula katumba
buluku ndili chivalire.

Nyachavula, kuseri kwa chigayo ku Luwinga,
sanandifunse zambiri.
Anamasula pulagi, naiyang'ana
monga achitira nesi ndi lilime la mwana.
Yoyera mbee, phulusa la pa mbaula.
"Ikufa ndi njala iyi," anatero.
"Mwaikulitsira khomo lotulukira,
sefa ya mpweya mwaiboolanso ndi msomali,
musakane, ndaona.
Mpweya ukulowa ngati anthu pa maliro a mwini golosale
koma petulo akadali wa banja la anthu awiri."

Anayala nsanza pansi.
Kabuleta anaitsegula kumimba,
ndipo pakati pa zala zake zakuda ndi girisi panatuluka
kanthu ka mkuwa kosafika pa njere ya chimanga,
kabowo kake kongokwana ulusi.
Ndinaseka.
Phokoso lonse lija, lendi ya nyumba,
bwana wanga wodikira ndalama yake madzulo alionse,
zonsezo zimadutsa apa?

M'kabotolo ka mafuta odzola munali tinzake,
kalikonse ndi nambala yofuna kutsinzina diso limodzi.
Anachotsa jeti ya 90. Anaika 102.
"Kafikeni ku Dunduzu, mubwere."
Ndinabwera ndi utsi kumsana,
njinga ikuyankhula ngati yagona ku masese,
pulagi yakuda bii, mwaye wonyowa.
"Tapyola," anatero, ngati wasemphana ndi nyumba ya mnzake.

Anaika 98.
Singano anaikweza kamzere kamodzi.
Kasikuluwu ka mpweya anakapotoza pang'ono,
nakabweza pang'ono kuposa pamenepo,
khutu lili ku injini, maso ali kwina,
ine ndinati ndiyankhule, anakweza chala.

Ulendo wachitatu pulagi inabwerako yofiirira,
tiyi wothira mkaka wa ufa mosamalira mawa.
Anaipukuta pa ovolosi. Sanamwetulire.
"Izi ndi za Mzuzu, komanso za Juni yuno.
Mukatsikira ku Karonga idzakuuzani nkhani ina,
musadzati ndinakuberani.
Ndipo wokamba mokweza amadyanso kwambiri.
Zimenezo ku Taifa sanakuuzeni."

Tsopano Masasa imakwera osapumira,
anthu awiri, thumba la makala pakati.
Nkhungu ya m'mawa imang'ambika ndisanafike.
Ana a sukulu amandidziwa ndili kuseri kwa mapaini.

Koma petulo amene ankandifikitsa ku Ekwendeni n'kubwerako
lero amandisiya ndikukankha, nyumba ndikuiona.
Dzulo ndinaima pa mzere wa mafuta maola atatu,
mawawa akugwa,
injini yozima, chete ngati za anzanga onse,
paipi yonyezimira ikundionetsa nkhope yanga
yotambalala, mphuno ngati ya munthu wina.

Jeti yakale Nyachavula anandikulungira m'kapepala.
Ili m'thumba la jekete, pamodzi ndi laisensi.
Ndikapisa kufuna chenji ndimaikhudza,
kozizira, kakang'ono, kodziwa kudya mwaulemu.
Paipi yakale ili pansi pa bedi.
Towera akuti imamutchinga posesa,
akutinso mwana amadzidzimuka ndikamafika usiku.

Ndinamuuza kuti ndibwezeretsa zonse Lamlungu.
Malamlungu atatu adutsa.