Zala za Sukanti

Lachiwiri loyamba la mwezi, kuno ku Kantabanji,
ndaima pamzere ndi thumba lopanda kanthu.
Meher wa pasitolo ya boma salonjera munthu,
amangoloza ndi chibwano kagalasi kofiira.
Ndaikapo chala chachikulu. Kuwala kwayenda, kwabwerera.
Makina akuti sakundidziwa.

"Pukutani chalacho, mayi." Ndapukuta.
"Nyambitani." Ndanyambita, ana akuonerera.
"Yesani chamkombaphala."
Zonse khumi ndazipereka ngati mbala yogwidwa pamsika,
koma makina angolira kamodzi, n'kukhala chete.

Chikhalirecho chaka chija anabwera okha ndi masutikesi akuda,
anatikhazika pamabenchi a ana asukulu,
nati nditong'ole maso, ndisaphethire.
Anatenga maso onse awiri.
Anatenga dzina la malemu mwamuna wanga.
Tsiku lobadwa, limene ngakhale mayi anga sanalisunge,
kalaliki anangolipeka, nandipatsa loyamba la Januwale
monga anapatsira theka la mudzi.
Manambala khumi ndi awiri pachitupa.
Anati: uyu ndiwe, mpaka imfa.

Lero akudziwa usiku umene ndinagona m'chipatala
ndi nthenda imene sindinaululire ngakhale mpongozi wanga.
Akudziwa marupi otsala kubanki.
Mnyamata wina anandiimbira foni, mawu a m'tauni,
ananditchula dzina, mudzi, ngongole ya njati yanga,
amati ndigule inshuwalansi.
Ndinafunsa: wakuuza ndani zonsezi?
Anadula.

Pa mpunga wa makilogalamu asanu pokha
ndi pamene ndasanduka mlendo.

Inetu ndikudziwa kumene kunapita mizere ya zala zanga.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndaumba njerwa
kunja kwa Hyderabad, chikwi dzuwa lisanalowe,
ndipo dongo limaba pang'onopang'ono khungu langa
n'kulowa nalo mu uvuni.
Pitani mukagumule pulasitala pamakoma a maofesi anu,
panyumba zosanja zimene mumagonekamo makompyuta,
mukandipeza ndadinda paliponse,
pangodya ya njerwa iliyonse chala chachikulu,
chootchedwa, chosafufutika,
chikunyamula denga la bwana amene akundifunafuna.

Kumbuyo kwanga Padmini akuseka mpaka kutsokomola.
Iyeyu makina anamulemba kuti anamwalira chaka chatha,
ndiye wayenda wapansi kuchokera kutsidya la njanji
kudzaonetsa kalata yoti akupuma.

Meher akuti mwina madzulo netiweki ikadzuka.
Wayamba kale kutseka zenera.

Ndakhala pakhonde, thumba ndaliyala pansi.
Ndikupaka mafuta a mpiru pachala, akuti zimathandiza,
ndikuchisisita ngati mwana wodwala malungo.
Padmini wandigawira fodya wotafuna.
Pamwamba pa chitseko pali kamera yatsopano,
ikundiyang'ana chiyambire m'mawa.
Ndaikwezera dzanja, zala zonse zisanu,
kuti nayonso ione.